Poto wa Mizere Iwiri

Situdiyo ya a Mwetulirani inali pakati pa shopu ya telala ndi kachipinda ka wometa tsitsi. Nyumba yawo inali kuseri kwake, moti ankatha kuchoka patebulo n'kufika pantchito tiyi asanazizire m'kapu. M'situdiyomo munali nsalu yaikulu yojambulidwa mathithi ndi nyumba ya nsanjika, maluwa a pulasitiki amene fumbi linawasandutsa otuwa, mpando wa miyendo itatu wogwedera, ndi jekete imodzi yakuda yobwereka amuna ofuna chithunzi cha pachiphaso. Jekete imeneyo inkakwana aliyense, wonenepa ndi woonda yemwe, chifukwa mwini situdiyo anali atagamula kuti imakwana.

Dzina lawo lenileni linatayika kalekale. Munthu ukamanena mawu amodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu amangokuveka mawuwo ngati chipewa. Iwo ankati "Mwetulirani!" kwa akwati, kwa ana a sukulu, kwa ofuna ntchito, ngakhale kwa mayi wamasiye amene anabwera kudzajambulitsa chithunzi choika pamapepala a malemu amuna ake. Koma panali mawu ena amene ankawakonda koposa, ndipo amenewa ankangotuluka okha: "Zimenezo ndikuzidziwa." Makanika, namwino, m'busa, onse ankadulidwa pakamwa chiganizo chisanafike pakati. Ukawauza kuti kunja kwayamba mvula, ankayankha kuti iwo anaiona dzana.

Tisawanamizire, sanali munthu woipa mtima. Moyo wawo wonse unali pa mwana mmodzi wamkazi amene anabadwa banja litadikira zaka zisanu ndi zinayi, achibale atayamba kale kunong'onezana kuseri. Anam'patsa dzina loti Kadona. Tsiku limene anakwanitsa chaka chimodzi, bambo ake anam'khazika pa mpando wogwedera uja, mayi ake atam'gwira mobisala kumbuyo kwa nsalu, ndipo kamwanako kanaseka, timano tinayi tili mbee. Chithunzicho chinapachikidwa pawindo loyang'ana kumsewu. A Mwetulirani analumbira kuti chaka chilichonse pazibwera china, kuti odutsa azionera mmene mwana wa munthu wodziwa zinthu amakulira.

Chimene chinkawadya mtima chinali mpopi wa pabwalo. Madzi ake ankabwera tsiku limene afuna, ndipo akabwera ankamveka fungo la mankhwala.

"Mwana wanga azimwa chipatala?" anatero tsiku lina atanunkhiza kapu. "Ine ndili moyo, zimenezo ayi."

Anaitanitsa okumba mijigo. Chigalimoto chinalowa pabwalo chitagumula ngodya ya mpanda wa telala, chinabangula masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi madzi anatumphuka, oyera ngati galasi, ozizira mpaka kumveka m'mano. A Mwetulirani anajambula madziwo, anajambula okumbawo, anadzijambulanso okha atakweza kapu m'mwamba. Atatha anatenga waya n'kumanga mpopi wakale uja zolimba, n'kuuveka chitini kumutu kuti uchite manyazi.

Akazi awo anali ndi mng'ono wawo amene ankagwira ntchito yoyeza madzi ku labotale. Mlamuyu atabwera kudzaona mjigo sanafulumire kuyamikira monga anachitira ena. Anatulutsa kabotolo m'chikwama, anatunga, anatseka, n'kulemba tsiku pachivindikiro. Patatha sabata anabweranso ndi pepala m'manja, n'kupeza mwini nyumba akupukuta kamera m'situdiyo.

"Alamu, madzi anu tizilombo alibe," anayamba motero.

"Ndinadziwa."

"Koma ali ndi fulorayidi wochuluka. Umenewu ndi mchere wina wochokera m'miyala ya pansi pa nthaka. Saoneka, sanunkha, ndipo lilime silimumva. Akakhala pang'ono amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira m'kamwa. Koma wa pamjigo wanuyu wapitirira muyezo katatu. Inu akuluakulu mano anu anakhwima kale, koma mwana amene mano ake akuumbidwa m'nkhama..."

"Tiziwiritsa."

"Ndi komwe ndikupita, alamu. Kuwiritsa..."

"Kumapha zonse. Zimenezo ndikuzidziwa. Iwe njinga ndinakuphunzitsa kupalasa ndine, unkalira mamina ali chuchuchu. Lero wavala chovala choyera ndiye undiphunzitse kumwa madzi?"

Nthawi yomweyo munalowa bambo wina wonenepa wofuna chithunzi cha pachiphaso. Atangokhala, mpando unapendekeka. A Mwetulirani analanda pepala lija m'manja mwa mlamu wawo, analipinda kanayi, n'kuliponderetsa pansi pa mwendo waufupi. Mpando unakhazikika.

"Waona, mlamu? Pepala lako lagwira ntchito. Bwana, yang'anani kuno. Mwetulirani!"

Mlamuyo anatuluka atapsa mtima, n'kukafotokozera mkulu wake zonse kukhitchini. Madzulo ake, banja likudya, mayi a Kadona anayesa kulowa nayo nkhaniyo mwaulemu.

"Abambo ake Kadona, mng'ono wanga akuti madzi a pamjigo tizichapira, tizisamba, tizithirira maluwa, koma mwanayu azimwa a pampopi. Akutinso kuwiritsa kumangowonjezera vutolo."

"Mwamva molakwika, mayi. Moto uwonjezere chinthu? Munaonapo moto ukuwonjezera nkhuni? Moto umachotsa. Ndipo ngati chinthucho amachiika m'mankhwala otsukira m'kamwa, ndiye kuti anzathu amachigula m'shopu, pamene ife Mulungu watikumbira pakhomo."

"Nanga ngati n'chabwino, mukufuna kuwiritsiranji?"

"Kuti chichoke."

Akazi awo anayamba kusonkhanitsa mbale. Anali atakhala nawo zaka zoposa khumi, ndipo ankadziwa kuti mwamunayu amatha kuyenda njira ziwiri nthawi imodzi n'kumati onse omutsatira ndiwo asochera.

M'mawa mwake a Mwetulirani anagula poto wamkulu watsopano. Anatenga msomali n'kulemba mizere iwiri m'kati mwake, umodzi pafupi ndi mlomo, wina pakatikati. Lamulo linali lakuti madzi adzazidwe mpaka mzere wapamwamba, awire, awirebe, mpaka atsike kufika pamzere wapansi. Ena amawiritsa madzi mphindi zochepa n'kuphula, koma amenewo ndi anthu wamba. Iwo ankati choipa chilichonse chimathawa ndi nthunzi, choncho nthunzi ikachuluka ndiye kuti choipa chathawa chambiri. Ankatsegula mawindo a kukhitchini kuti fulorayidi atuluke bwino asakakamire padenga. Pansi pa potoyo pakatsala zoyera zokhakhala, ankazipala ndi supuni n'kukaonetsa wometa tsitsi.

"Mwaona, achimwene? Ndi ameneyu. Ndam'gwira."

Madzi otsalawo akazizira ankathiridwa mu jagi ya buluu yolembedwa dzina la Kadona. Munthu wina aliyense sankaloledwa kuigwira. Akuluakulu ankamwa ochokera pamjigo mwachindunji, chifukwa makala ndi odula, koma mwana yekha ankamwa a mu jagi, tiyi wake ankapangidwa ndi a mu jagi, chakudya chake chinkaphikidwa ndi a mu jagi. Atayamba sukulu ya mkaka ankapita ndi botolo lake, ndipo aphunzitsi analandira kalata yoti mwanayu asalawe madzi a pasukulu ngakhale dontho. Kunena zoona, panalibe bambo wina m'dera lonselo amene ankadzuka m'mawa chotero chifukwa cha mwana wake.

Mayi a Kadona sanagonje msanga. Anagwirizana ndi mkazi wa telala kuti azitunga pampopi wa kumeneko, ndipo kachigubu kankabisidwa kuseri kwa kabati. Zinayenda miyezi iwiri. Tsiku lina a Mwetulirani anatola kapu ya mwana patebulo, anainunkhiza, nkhope n'kusintha. Anafufuza nyumba yonse ngati apolisi mpaka anakapeza kachigubuko, ndipo anakakhuthula pabwalo akazi awo akuona.

"Mukufuna anthu aziti chiyani? Kuti mwini mjigo akupempha madzi kwa telala? Ine ndikupsa zala tsiku ndi tsiku, inu mukumwetsa mwana mankhwala mobisa? Ngati mng'ono wanu ndiye mwamuna pakhomo pano, nenani ndim'patse makiyi."

Anakhala masiku anayi osalankhula ndi munthu m'nyumbamo, ndipo kwa munthu wolankhula ngati iwo, chimenecho chinali chilango kwa onse. Mayiwo anatopa. Anayang'ana mano a mwana wawo, anaona kuti ndi oyera, n'kudziuza kuti mwina mng'ono wawo anakokomeza, poti anthu ophunzira amaopa ndi mthunzi womwe. Anasankha mtendere wa m'nyumba, ndipo mtendere umenewo anadzaulira pambuyo pake.

Zaka zinapita, zithunzi zinachuluka pawindo. Kadona wa zaka ziwiri atagwira maluwa a pulasitiki. Kadona wa zaka zitatu atavala chipewa cha bambo ake. Kadona wa zaka zinayi ataima patsogolo pa mathithi, manja m'chiuno. Pa chilichonse ankaseka mpaka maso kutsekeka, mano ali ndandanda ngati mpunga wosankha. Anali mwana woseka msanga. Nkhuku ikaterereka ankaseka, wometa akayetsemula ankaseka, ndipo kuseka kwake kunkamveka mpaka kwa telala makina akulira. Amayi odutsa ankaima pawindopo n'kumati, "Koma mwanayu ali ndi mano!" Ambiri ankalowa kudzajambulitsa ana awo chifukwa cha iye.

Chaka chimenecho mlamu uja anabwera kudzatsanzika, poti anam'samutsira ku labotale ina kutali. A Mwetulirani anam'gwira dzanja n'kupita naye pawindo.

"Tawerenga manowo, mlamu. Fulorayidi wako ali pati?"

"Alamu, amenewo ndi mano a mkaka. Anaumbidwa mjigo usanakumbidwe. Amene adzakhale nawo moyo wake wonse ali m'kati, akuumbidwa panopa ndi madzi omwe mukum'patsawo. Chonde, kodi pepala lija munaliwerenga mpaka pansi?"

"Ee, wasiya zoyeza madzi, tsopano wayamba uneneri? Ukuona mano a m'kati mwa mutu wa mwana? Tsegula mpingo, mlamu, anthu adzabwera."

Wometa tsitsi, amene ankamvetsera ali pakhomo pake, anaseka mpaka kugwira khoma. Mlamuyo anapsompsona Kadona pachipumi n'kunyamula chikwama chake. Pambuyo pake ankaimba foni kawirikawiri, koma akangotchula za madzi, a Mwetulirani ankati sakumva bwino, mawu akudukaduka.

Kadona atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo anagwedera n'kuguluka monga amachitira ana onse. Chithunzi cha chaka chimenecho chinali cha mwana wa mpata pakamwa, akuseka mopanda manyazi. Bambo ake ankauza aliyense kuti adikire aone amene akubwerawo.

Anabweradi. Poyamba anatuluka ndi mawanga oyera ngati choko, osawala. Bambo ake anati ndi chizindikiro cha kulimba. Patapita miyezi mawangawo anayamba chikasu, kenaka panadutsa mizere yofiirira ngati dzimbiri la pamalata, ndipo pena ndi pena panali timaenje ting'onoting'ono. Am'munsi anatulukanso chimodzimodzi.

A Mwetulirani anayamba kusaka wolakwa, ndipo anasaka paliponse kupatula m'khitchini mwawo. Anati ndi maswiti a kusukulu. Maswiti analetsedwa. Anati ndi tiyi. Tiyi analetsedwa. Anati mayi ake samutsuka bwino, kenaka anati ndi magazi a kuchikazi, poti anakumbukira amalume ena a akazi awo amene anali ndi dzino lakuda. Atatha zonsezi anagwira ntchitoyo okha. M'mawa uliwonse ankam'khazika mwanayo pakhonde n'kumukhula mano ndi soda, tsiku lina mchere ndi mandimu, tsiku lina makala osinja. Kadona ankagwira mwendo wa mpando, misozi ikutsika, osalira mokweza chifukwa sankafuna kukhumudwitsa adadi ake. Akalavula, malovu ankatuluka ndi magazi. Mtunduwo sunasunthe. Ndipo poona kuti zinthu zavuta, a Mwetulirani anawonjezera khama pa poto: anayamba kuwiritsa mpaka madzi kutsika pansi pa mzere wachiwiri.

Kusukulu ana sachedwa kupereka dzina. Anayamba kumuitana kuti Dzimbiri. Kadona anaphunzira kuseka dzanja lili pakamwa, kenaka anaphunzira kuyankha aphunzitsi milomo ili pafupi kutsekeka, moti ankauzidwa kuti akweze mawu. Telala ndiye anayamba kuzindikira. Tsiku lina anafunsa mayi ake ngati mwana akudwala, chifukwa papita nthawi asanamumve akuseka.

Tsiku lokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri linafika. Kadona anavala diresi yatsopano, anakhala pa mpando, ndipo bambo ake atati "Mwetulira!" anamwetulira ndithu, chifukwa pamaso pa adadi ake anali asanaphunzire kubisa. A Mwetulirani anaika chithunzicho pa kompyuta n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anachita zimene ankachitira akwati a ziphuphu ndi madoda a dazi lonyezimira. Inali ntchito ya mphindi ziwiri. Mano anayera mbee, kuposa a pachithunzi china chilichonse, ndipo madzulo ake chinali pawindo pafupi ndi zinzake.

Mawa lake ana a sukulu anaunjikana pawindopo. Ankayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana Kadona, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Si iwe uyu! Tayasamula tione!"

Ngakhale wometa tsitsi, mnzawo wa a Mwetulirani, anafunsa akunola lumo lake kuti, "Achimwene, mwana wa pawindoyu ndi wa mayi wina kodi? Mutiuze, tisadzadabwe pamaliro."

Kadona analowa m'nyumba n'kukagona chafufumimba pabedi ndi yunifolomu yomwe. Apa ndi pamene mayi ake anasiya ulemu. Sanapemphe chilolezo. Anangonena kuti mawa akupita naye kwa dokotala wa mano, ndipo wofuna kukwiya akwiye mwezi wathunthu. A Mwetulirani anati apita nawo, kuti akam'fotokozere dokotalayo bwinobwino, poti madokotala a masiku ano amafunika kuwathandiza.

Dokotalayo anali bambo wachikulire, wosapupuluma, wolankhula motsitsa. Anauza Kadona kuti ayasamule, anaunika ndi kagalasi, n'kugogoda dzino limodzilimodzi ndi kachitsulo.

"Manowa sanaole," anatero.

"Ndinadziwa," anayankha a Mwetulirani.

"Ndipo si litsiro ayi. Ndani wakhala akum'khula chonchi? Nkhama zonsezi ndi zilonda."

A Mwetulirani anayang'ana kudenga. Dokotala sanakakamize. Anafunsa funso lina.

"Mwanayu amamwa madzi a kuti?"

A Mwetulirani anawongola khosi. Limeneli ndi funso limene analidikira zaka zonsezi. Anafotokoza za mjigo, kuya kwake, kuzizira kwa madzi ake. Anafotokoza za mlamu wawo ndi kabotolo kake, ndi zoti muyezo unapitirira katatu, akuseka pang'ono kuti dokotala aone kuti nkhaniyo anaithana nayo kalekale. Anafotokoza za poto, msomali, mizere iwiri, mawindo otsegula ndi jagi ya buluu. Dokotala anaika kagalasi pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto, osawadula.

"Kuchokera mzere wapamwamba kufika wapansi, madzi amatsala ochuluka bwanji?"

"Theka lenileni. Ndinayeza ndekha."

"Tsiku lililonse?"

"Osaphonya, ngakhale Lamulungu."

"Ndipo amamwa ndi mwana yekhayu?"

"Yekha. Ife timamwa wamba."

Dokotala anavula magalasi, anawapukuta, n'kutembenukira kwa mayi a Kadona.

"Mayi, ndikufunseni za kukhitchini. Mukathira mchere mu msuzi, n'kuiwala poto pamoto mpaka msuziwo kutsala theka, mchere umachepa?"

"Umachita kuwawa, adokotala. Munthu sungadye."

"Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Chimene chimauluka ndi madzi, mchere umatsala. Moto umapha tizilombo, koma fulorayidi si kachilombo, ndi mchere wa m'mwala. Mjigo unkakupatsani wopitirira katatu. Inu bambo, mwa khama lanu, munkamuwirikiza pafupifupi kawiri, n'kupatsa munthu mmodzi yekha m'nyumbamo amene mano ake anali asanakhwime."

"Koma zoyera zija zotsala pansi pa poto..."

"Zimenezo ngakhale ketulo yanga ili nazo. Si iyeyo."

"Ndinawauza, adokotala," anatero mayi a Kadona. "Ndinawauza chaka chimene mwanayu ankaphunzira kuyenda. Ndipo nanenso ndinalakwa, ndinasiya kunena."

A Mwetulirani anayang'ana mwana wawo ali pampando waukulu uja, miyendo yosafika pansi, kansalu kali pachifuwa. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene anadzuka kukadali mdima kukoleza moto, zala zimene anapsa, kunyada kumene ankamva pothira madzi mu jagi. 

"Adokotala, zichoka?"

Limeneli linali funso loyamba limene akazi awo anawamva akufunsa munthu mofunadi yankho chikwatirane.

"Mtunduwu suli pamwamba," anatero dokotala. "Uli m'kati mwa dzino, unalowa pamene dzinolo linkaumbidwa. Mukhoza kukhula mpaka dzino kutha, simuupeza pothera. Akakula tidzayesa kupala pang'ono ndi kuphimba akutsogolowa, adzaoneka bwinoko. Koma kuti akhale mmene akanakhalira, ayi. Mano a munthu samera katatu. Amene akadali m'nkhama mwina tingawapulumutseko mukasintha madzi lero. Ndipo makala ndi mandimu aja musiye."

Anabwerera kunyumba. Atafika, a Mwetulirani analowa m'situdiyo n'kutukula mpando wa miyendo itatu. Pepala lija linali pomwepo, litaphwatalala, litada, pakati pake mwendo wa mpando utadya kabowo. Analifunyulula pang'onopang'ono kuti lisang'ambike. Pamwamba panali manambala. Pansi penipeni panali mawu olembedwa pamanja ndi cholembera cha mlamu wawo, atadulidwa mzere kawiri: "Kuwiritsa sikuchotsa fulorayidi, kumangomuchulukitsa. Mwana amwe madzi a pampopi." Mawu amenewa anakhala pansi pa mpandowo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo theka la anthu a m'deralo linawakhalira likumwetulira.

Anatenga pulayala n'kutuluka pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo. Telala anaimitsa makina, wometa anatuluka ndi lumo m'manja, kasitomala wake ali kumbuyo mutu wometedwa mbali imodzi. A Mwetulirani anavula mpopi chitini chija, analimbana ndi waya amene anali atachita dzimbiri, mpaka anaduka. Mpopi unatsokomola, unalavula zofiira, kenaka madzi anatsika ndi kafungo kawo ka mankhwala. Wometa anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma ataona nkhope ya mnzakeyo anabwerera m'kachipinda kake. Poto wa mizere iwiri anaikidwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumamweramo. Madzulo a tsiku lomwelo a Mwetulirani anaimbira foni mlamu wawo, ndipo mawu sanadukeduke ngakhale kamodzi. Anamvetsera mpaka mlamuyo anamaliza yekha.

Chithunzi cha mano a pakompyuta anachichotsa pawindo, pamalo pake n'kutsala kabwalo koyera kopanda fumbi. Miyezi inapita. Kadona ankamwa madzi a pampopi, nkhama zinapola, koma kuseka kuja sikunabwerere. Bambo ake ankayesa zonse. Ankavala jekete yobwereka ija chakumbuyo, ankayerekeza mayendedwe a wometa, ankadzigwetsa dala pa mpando wogwedera. Mwanayo maso okha ndiwo ankaseka, dzanja lili kale pakamwa.

Tsiku lokwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, mayi ake anam'luka tsitsi n'kumuveka diresi yachikasu. Anakhala pa mpando patsogolo pa mathithi, manja pamaondo, msana uli chilili. A Mwetulirani anakonza magetsi, anakonzanso, ngakhale anali bwinobwino. Anali atakonzekera mawu awo kuyambira dzulo lake.

"Kadona, mwana wanga, lero sindisintha kalikonse. Ndikufuna iweyo mmene ulili. Yang'ana kuno. Mwetulira."

Kadona anayang'ana kamera, milomo ili yotseka.

"Mwetulira pang'ono chabe, mayi wanga. Chifukwa cha adadi."

Mwanayo sanakwiye, ndipo sanalire. Analankhula mofatsa, ngati munthu wofuna kupeputsira mnzake ntchito, milomo ikungosuntha pang'ono.

"Jambulani chonchi, adadi. Mano mukaikira pa kompyuta ngati chaka chatha. Aja ndi amene mumawakonda."

A Mwetulirani anabisa nkhope kuseri kwa kamera nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Munthu amene anamwetulitsa akwati okangana, ofuna ntchito otaya mtima ndi mayi wamasiye yemwe, analephera kumwetulitsa mwana wake. Pomaliza anadina batani.

Chithunzicho anachipachika pawindo osachikhudza. Odutsa amaona mzere wa zithunzi za kamtsikana koseka mpaka maso kutsekeka, kenaka kabwalo kopanda kanthu, kenaka mtsikana wa diresi yachikasu, wokongola, milomo ili yotseka. Ena amafunsa kuti mwanayu anatani. Masiku ano a Mwetulirani amafotokoza okha, osabisa za poto ndi mizere yake, ndipo mayi aliyense wobwera ndi khanda amam'funsa kumene amatunga madzi, n'kudikira yankho mpaka lithe. Anaphunzira kumvetsera, koma mano a mwana wawo anali atamera kale. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.